Pafupi ndi Kutali m'Chithayi

Al Barsha, Dubai
10 Ogasiti 2024

Okondedwa amayi,

Choyamba ndifunse za moyo wanu. Bondo lija laphwa? Ine kuno ndili bwino, kungoti kutentha kwa mwezi uno ndi kwina, munthu ukatuluka panja umakhala ngati walowetsa mutu mu uvuni wa njerwa. Mchimwene wanga Potiphar nayenso ali bwino, ndinamuona Lamlungu.

Popeza pafoni ndimangokuwa inu osamva, ndaganiza zoti ndizilemba papepala. Ndizijambula pepalalo n'kutumiza pafoni ya Ruth, iye azikuwerengerani chakukhutu lakumanja lija. Iwe Ruth msuweni wanga, uziwerenga mmene zilili, ndipo zizithera pakhonde pomwepo, zisakafike kuchigayo.

Nkhani ilipo ndi iyi. Ntchito ya ulonda ya Potiphar ikutha kumapeto kwa Sepitembala, ndipo kampani yake yanena kuti khalasi, ndiye kuti basi, siwonjezera. Kuno munthu wopanda ntchito sachedwa kuuzidwa kuti azipita kwawo. Mwana wanu anayamba kuonda ndi maganizo. Koma tsopano kwapezeka ejenti amene akufuna anthu odziwa Chingerezi kuti akagwire ntchito ya pakompyuta ku dziko la Thailand, kuyankha makasitomala basi, utakhala pampando. Tinapita ku ofesi yake ku Jumeirah Lake Towers, kunsanja zazitali zija ndinakutumizirani chithunzi. Ofesi yaukhondo, anatipatsa ndi madzi ozizira omwe. Potiphar apita mu Okutobala limodzi ndi mnzake wogona naye chipinda chimodzi, Goodwell wa ku Chipata. Ameneyu ndi mwamuna wa Florah, mnzanga wa ku Zambia ndimagona naye kuno uja. Ine ndi Florah tidzawatsatira mu Disembala makontirakiti athu akatha.

Musandifunse kuti Thailand ili kuti. Ndinayang'ana pamapu, ili kuseri kwa India. Chimene ndinaona n'chakuti ku Tsangano ndikungonka nditalikirako.

Kuntchito kwathu ku hotela, kuchigawo kumene alendo amatikitidwa minofu, ine yanga ndi ya matawulo ndi kukolopa, koma otikitawo ambiri ndi a ku Thailand komweko. Pali amayi ena dzina lawo Nok, aakulu kwa ine, aafupi, a manja olimba ngati oumba mbiya. Anandiuza kuti ndiziwatchula Pi Nok, chifukwa pi kwawo ndi ngati kunena kuti achemwali. Atamva kuti ndikupita kwawo anawomba m'manja, nati andiphunzitsa mawu a paulendo kuti ndisakasochere. Timaphunzira nthawi ya nkhomaliro m'chipinda cha matawulo, ine kope lili m'manja ngati mwana wa sukulu.

Mawu oyamba ndi pai nai, kutanthauza kuti ukupita kuti. Akuti kwawo ukakumana ndi munthu panjira umamufunsa zimenezi, monga timachitira kwathu. Apa ndinakondwa, ndinati anthu amenewa tikamvana. Koma kenako akuti munthu wamkazi amamaliza mawu ake ndi kha, wamwamuna ndi khrap. Ine ndinasokoneza, ndinapereka moni kwa abwana awo ngati mwamuna, chipinda chonse chinafa nalo phwete.

Ndatumiza kangachepe kudzera kwa Ruth. Muguliretu feteleza asanakwere, ndipo mwana wanga Chiyamiko mumugulire nsapato za kusukulu, osati zapulasitiki. Mbuzi yaikazi ija musagulitse.

Ndine mwana wanu,
Elinah


31 Ogasiti 2024

Amayi anga okondedwa,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi Chiyamiko. Ife kuno tili moyo. Ruth wandiuza kuti munafunsa ngati ku Thailand kuli tchalitchi. Ndafunsa, akuti aliko koma ochepa.

Chithayi chandizunguza mutu, amayi. Tamvani izi. Kutali amati klai. Pafupi amatinso klai. Ndinawauza Pi Nok kuti akundinamiza, iwo akuti ayi, tamvetsera bwino: la kutali limayenda lathyathyathya, la pafupi limayambira pamwamba kenako n'kugwa. Anabwereza kakhumi, ine kumangomva chimodzimodzi. Ndinawafunsa kuti nanga munthu akafunsa njira adziwa bwanji ngati akwere basi kapena ayende wapansi? Anangoseka. Pobwerera m'sitima ndinakumbukira kuti ifenso tili ndi mtengo wa m'tchire ndi mtengo wa pamsika. M'mawa mwake ndinawayesa nawo, nawonso anangoti kakasi. Apo ndiye mtima unakhalako pansi.

Ola amati chua mong. Galimoto ndi rot, ndipo ukafuna kuti iime umati jot. Mtsinje amati mae nam. Mae ndi amayi, nam ndi madzi, ndiye mtsinje kwa iwo ndi amayi a madzi. Limeneli ndinaligwira tsiku lomwelo chifukwa ndinakumbukira inu.

Chinanso, pafoni ya Pi Nok chaka chino ndi 2567. Ndinkayesa foni yawonongeka. Akuti ayi, kwawo amawerenga choncho. Ndiye kuti Potiphar akwera ndege mu 2024 n'kukatsika mu 2567? Nditamuuza iye anati bola, akafika ali wamkulu kuposa ine.

Koma kuphunzira sakufuna. Akuti ejenti wanena kuti galimoto ya kampani ikawatenga pabwalo la ndege, ofesi ndi nyumba zogona zili pompo, mphindi makumi awiri basi, ndiye Chithayi n'cha chiyani? Mayeso awo analemba sabata yatha, kutaipa pakompyuta mphindi zisanu, basi apambana onse awiri. Goodwell amataipa ndi chala chimodzi, koma naye wapambana. Ine zinandidabwitsa pang'ono, koma mwina kumeneko anthu akusowadi.

Pi Nok anandifunsa dzina la kampaniyo. Nditawauza anafufuza pafoni yawo m'zilembo zawo zopindikapindika zija, nthawi yaitali ndithu, kenako anati mwina ndi yatsopano. Anafunsanso kuti ili dera liti. Ndinati pafupi ndi bwalo la ndege, ndinayesa ndi klai yemwe, wogwa uja. Sanandiseke ngati masiku onse. Anangotenga thawulo limene ndinali nditapinda kale, n'kulipindanso.

Mumuuze Kizito kalipentala akonze chitseko cha khola mvula isanayandikire. Chaka chatha anazengereza mpaka afisi anatiyendera. Chiyamiko asamapite yekha kudimba la kutsidya.

Mwana wanu,
Elinah


21 Sepitembala 2024

Okondedwa amayi,

Moni wambiri. Ndamva kuti chifuwa chinakugwirani, kodi munapita kuchipatala kapena mwangomwa zanu zija? Ine ndili bwino. Kutentha kwayamba kuchepa pang'ono.

Sabata ino taphunzira nthawi, ndipo ndikanadziwa sindikanayamba. Tsiku limodzi anthu awa analidula panayi ngati nzimbe, chidutswa chilichonse ndi dzina lake. Ikakwana 7 koloko madzulo amayambiranso kuwerenga pa 1. Ndiye 8 koloko ya madzulo amati song thum, pamene song ndi ziwiri. Munthu akukuuza ziwiri, iye akutanthauza 8. Ndinawafunsa Pi Nok kuti kodi kwanu anthu amakumana bwanji? Iwo akuti amakumana bwinobwino, osokonekera ndi inu a mawotchi.

Matikiti abwera. Anyamuka pa 1 Okutobala. Koma viza imene yabwera ndi ya alendo okaona malo, osati ya ntchito. Ejenti akuti ya ntchito akakonza akafika, ndipo pabwalo la ndege akafunsidwa akanene kuti abwera kudzacheza. Masiku ano salolanso kuti tipite ku ofesi, akuti watanganidwa, zonse ndi zapafoni.

Nditawauza Pi Nok zimenezi anasiya kudya. Lamlungu, tsiku lawo lopuma, anakwera nane basi mpaka ku International City kumene anyamatawa amagona, ulendo wotopetsa, kuti akalankhule ndi Potiphar pamaso. Anamuuza nkhani zina za kwawo zimene sindilemba muno. Potiphar anamvetsera mwaulemu, koma atatha anatembenukira kwa ine m'Chichewa.

“Achemwali, mwanditengera mayiwa kuti adzandiopseze? Nanga ndibwerere ku Tsangano ndi chiyani, ndi nsapato za ulonda?”

Goodwell anaseka. Florah, amene anali pomwepo kudzaona mwamuna wake, naye anati, “Aba amai safuna cabe kuti tikadyeko kwao.”

Pi Nok sanamve mawuwo, koma nkhope anaziwerenga. Sanakwiye. Analemba nambala yawo pakapepala, namuuza Potiphar kuti akabise m'sokosi, ndiponso kuti pasipoti asakapatse munthu wina aliyense. Pomaliza anamukakamiza mawu awiri, jot uja woimitsa galimoto, ndi hong nam, chimene chili chimbudzi. Lachiwirili analikonda, tsiku lonse ankangolibwereza akuseka.

Amayi, sindikudziwa womumvera. Ejenti amalankhula bwino, ali ndi mapepala a zidindo. Pi Nok alibe pepala lililonse, koma kwawo ndi komweko. Ndikakhala ndi uyu ndimaona kuti akunena zoona, ndikakhala ndi uyo chimodzimodzi.

Kumunda ayambe kusosa. Mbewu ya chimanga mutenge yocha msanga ija, ya chaka chatha inatigwiritsa mwala. Potiphar akuti akuimbirani asananyamuke, Ruth akhale pafupi kuti azikubwerezerani.

Ndine,
Elinah


4 Okutobala 2024

Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndilipo.

Ndege ya Potiphar inatera bwino Lachitatu. Ndamva kuti mukufunsa chifukwa chake sanaimbe. Foni yake ili ndi vuto. Musadabwe akakhala chete masiku angapo.

Ruth, munthu wina akakuimbira kunena kuti ndi wa kukampani ya Potiphar, usayankhe chilichonse, usatumize chilichonse, undiuze ine kaye. Za ntchito ya ku Thailand usauzeko mnyamata aliyense wa m'mudzimo, ngakhale akufunse.

Amayi, Lamlungu mukapite kutchalitchi ngakhale bondo likuvuta. Mukamutchule dzina.

Sindilemba zambiri, shifiti yayandikira. Kuntchito andipatsa kalata ya chenjezo, koma ndi nkhani yaing'ono, ndidzafotokoza.

Elinah


13 Okutobala 2024

Okondedwa amayi,

Khalani pansi kaye. Potiphar ali moyo, ali bwino, ndalankhula naye dzulo ndi lero. Ndayamba ndi zimenezi kuti zotsatirazi muzimve mtima uli m'malo. M'kalata yapita ija ndinakubisirani. Tsiku limene ndinkalemba lija sindinkadziwa kumene mwana wanu ali.

Zinayenda chonchi. Ndege inatera cha m'ma 12 koloko masana nthawi ya kumeneko, kuno ili 9 m'mawa, pakuti iwo ali patsogolo ndi maola atatu. Anawalandira dalaivala wa galimoto yoyera, atanyamula pepala la mayina awo. Anapempha mapasipoti, akulozera ndi manja kuti akalembetse. Goodwell anapereka, Potiphar anachita manyazi kukana, naye anapereka.

Patatha ola ndinamulembera kuti mwafika? Akuti ayi, mwina ndi kuchuluka kwa magalimoto. Patatha maola atatu analemba kuti, “Achemwali, nyumba zazitali zatha kalekale, tikungoona minda ya mpunga.” Dalaivalayo Chingerezi sadziwa, ankangomwetulira n'kumawapatsa madzi. Ndinamuuza Potiphar kuti amufunse klai, ajambule yankho lake anditumizire. Munthuyo anayankha kuti klai, klai. Amayi, ndinamvetsera kasanu foni ili pakhutu, nditatseka maso. Pafupi kapena kutali? Sindinathe kusiyanitsa. Miyezi iwiri ya kope inathera pamenepo.

Pi Nok anali m'chipinda ndi mlendo, chitseko chotseka, ndipo lamulo la pano ndi lakuti chitseko chimenecho sugogoda ngakhale kutagwa chiyani. Ndili chiimire pakhonde, Potiphar anatumizanso mawu ena. Anajambula mobisa dalaivala akulankhula pafoni ndi munthu wina. Zambiri zinandidutsa, koma ndinatolapo ziwiri: song thum, ndi mae nam. Poyamba ndinati 2 koloko, ndiye kuti afika posachedwa. Kenako ndinaona kuti kumeneko 3 yadutsa kale. Ndipamene ndinakumbukira kuti song thum ndi 8 ya madzulo. Ofesi ya mphindi makumi awiri, munthu akafike 8 koloko? Nanga mtsinje ukulowapo bwanji pa ntchito ya kompyuta?

Ndinagogoda.

Pi Nok anatuluka manja ali mafuta okhaokha, maso ali psuu. Ndinangowaika foni pakhutu. Anamvetsera kamodzi kokha. Anabwerera m'chipindamo kukapepesa mlendo, natuluka, n'kundikokera ku matawulo.

“Ndi klai wa kutali,” anatero. “Ndipo pafonipo akunena kuti ali nawo awiri, afika kumtsinje 8 koloko, bwato likhale lokonzeka. Kutsidya kwa mtsinje umenewo si dziko lathunso. Akawoloka, palibe wa kwathu angakawatenge.”

Nkhani zija sindinalembe ndi zimenezi, amayi. Kuli anthu amene amaitana alendo ndi ntchito yabodza, n'kukawatsekera kumpanda kutsidya la malire, kuti azinamiza anthu pa intaneti ndi kuwabera. Wokana amamenyedwa.

Pi Nok anati Potiphar asakuwe, asaonetse kuti wadziwa. Agwire pamimba, anene hong nam, anene jot, ndipo atsike pokhapokha pomwetsera mafuta pamene pali sitolo. Akalowa m'sitolomo apereke foni kwa wogulitsa. Ine ndinkamulembera zonsezi m'Chichewa. Potiphar anayankha kuti, “Achemwali, mukutsimikiza? Mukalakwitsa ntchito yanga yathera pomwepa.” Ndinamuyankha kuti, “Sindikutsimikiza. Tsika.”

Potiphar anamunong'oneza Goodwell. Goodwell anati, “Iwe, pasipoti ili na uyu, niyende kuti? Alongo ako amvela za amai aja.” Ndinayesa kuimbira Florah kuti amulankhule mwamuna wake, koma anali pashifiti, foni ataitsekera m'kabati.

Dalaivala anakana kuima kawiri. Kachitatu mwana wanu anayamba kumasula lamba m'galimoto momwemo, akubuula kuti hong nam, hong nam. Apo munthuyo anakhotera pomwetsera mafuta. Potiphar analowa m'sitolo, anaimba, napereka foni kwa mayi wogulitsa. Pi Nok analankhula mothamanga, mawu amene sindinaphunzirepo ndi limodzi lomwe. Ndinamva mayiyo akuyankha kha, kha. Kenako mawu a mwamuna akukalipa, kenako zii.

Tinaimba mpaka dzuwa kulowa. Lachinayi chimodzimodzi, Lachisanu chimodzimodzi. Ya Goodwell nayo inali yozima. Ine ndi Florah tinkangoyang'anana.

Loweruka masana foni ya Pi Nok inalira, nambala ya kwawo. Anali apolisi a tauni ina, ndipo pambali pawo panali Potiphar. Akuti dalaivala anamulondola m'sitolomo n'kutsomphola foni m'manja mwa mayiyo. Koma mayi uja anamukankhira Potiphar kuchipinda chosungira katundu, anakhoma, nayamba kukuwa kuitana anyamata othira mafuta. Dalaivala ataona anthu akubwera anathamangira kugalimoto. Anapita ndi foni, chikwama, mapasipoti, ndi Goodwell ali pampando wakumbuyo. Nambala yanga Potiphar sanaisunge pamtima. Kapepala ka m'sokosi kaja anakakumbukira tsiku lachitatu, pofuna kuchapa.

Tsopano ali kunyumba ina ya bungwe losamalira anthu opulumuka zotere. Akudya. Achimwene awo a Pi Nok, oyendetsa takisi, anakamuona ndi zovala. Kalata ya chenjezo ija inali ya kugogoda kuja. Pi Nok nawonso anapatsidwa yawo, anaipinda n'kuikira pansi pa kapu ya tiyi.

Za Goodwell sitinamve kanthu.

Mwana wanu,
Elinah


3 Novembala 2024

Okondedwa amayi,

Moni. Ndamva mawu anu onse kudzera kwa Ruth. Mwati ndinamutenga ndine pakhomo panu, ndimubweze ndine. Sindikukana. Mwatinso simukudya. Chonde idyani, mwana wanu akudya mpunga katatu patsiku, akuti watopa nawo.

Kuno zinthu zasokonekeranso. Lolemba lapitalo Florah analandira uthenga kuchokera ku nambala yachilendo. Munali chithunzi cha Goodwell atavala malaya oyera, atakhala pakompyuta, akumwetulira. Pansi pake analemba m'Chingerezi kuti ntchito ili bwino, chakudya chili bwino, bwera msanga, umuuzenso Elinah abwere. Florah analumpha, anandikumbatira, anapita kuntchito akuimba. Ndinati kodi ndiye kuti ntchito ija inali yeniyeni?

Ndinalakwa kumutumizira Potiphar chithunzicho pafoni ya kumene akukhalako. Anandiimbira nthawi yomweyo. “Mwaona, achemwali? Mnzanga ali pampando, ine ndili pano ndi kabudula wopemphetsa. Munanditsitsa chifukwa cha mawu awiri a m'kope.” Anadula. Masiku anayi sanandiyankhe.

Koma tsiku lachiwiri Florah anakhala pabedi n'kumachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Kenako anati, “Elinah, uyu munthu sanilembelapo Cizungu cikwatilane. Amaniitana amake Kelly. Apa palibe na kufunsa mwana.” Anayankha uthengawo m'Chinyanja, kufunsa dzina la agogo ake a Kelly. Mpaka lero yankho silinabwere.

Tinapita ku Jumeirah Lake Towers. Pachitseko paja dzina analichotsa, mkati mulibe ndi mpando womwe. Mlonda wa pansi akuti anthuwo anangokhala miyezi itatu. Nambala ya ejenti siikulira. Tinakanena kupolisi ya kuno, analemba zonse, akuti atiimbira, inshallah, ndiye kuti Mulungu akalola.

Ndiye onani mmene ndilili. Tsiku lina ndimadzuka ndikudziwa kuti ndinapulumutsa mwana wanu. Tsiku lina ndimayang'ana malaya oyera aja, n'kumati mwina ndinamutayitsa mwayi. Pi Nok akuti malaya amavekedwa ndi munthu wina aliyense, ndiyang'ane maso. Ndayang'ana masowo mpaka sindikudziwanso chimene ndikuona.

Kope lija ndinasiya. Pi Nok akabwera nalo pa nkhomaliro ndimati ndatopa.

Pepala loyendera m'malo mwa pasipoti akuti likukonzedwa, koma lichedwa chifukwa likuchokera kutali. Mvula ikagwa yokwanira bzalani, musadikire ife. Ruth, zikomo posunga pakamwa. Ndikudziwa kuti anthu akukufunsa.

Elinah


17 Novembala 2024

Amayi anga,

Ndikhulupirira muli bwino, ndipo ndamva kuti mvula yagwa kawiri. Ine ndili bwino.

Potiphar akubwera. Pepala lija latuluka, ndipo Amalawi ndi anzathu a ku Zambia okhala kuno asonkherana tikiti. Atera ku Lilongwe Lachisanu pa 22. Kizito akamudikire pamphambano ya ku Tsangano chakumadzulo. Akubwera ndi jumbo yokha m'manja. Anthu asamufunse za katundu wa ku Dubai, ndipo inunso musamufunse zambiri tsiku loyamba. Mumupatse madzi osamba, adye, agone. Akadzuka mumupatse khasu, adzalankhula yekha kumunda.

Lachinayi masana Goodwell anaimba. Ndinali pomwepo, tikudya. Sipanathe ndi mphindi imodzi yomwe. Ankanong'ona. Anati, “Amake Kelly, usabwele. Uuze Elinah asabwele. Nili kuseli kwa msinje, sitituluka. Cithunzi cija ananikakamiza.” Florah anafunsa ngati akumumenya. Anangoti, “Kelly ali bwanji?” ndipo foni inaduka.

Dzina lake ndi chithunzi tapereka ku bungwe lija likusunga Potiphar. Akuti ena amatuluka, koma zimatenga miyezi, ndipo sangalonjeze. Potiphar atamva analira pafoni ngati mwana. Akuti akanamukoka dzanja. Ndinamuuza kuti munthu wamkulu sakokedwa, koma mukumudziwa mwana wanu, adzabwera nazo zimenezi kumudzi.

Pali china chimene sindinakuuzeni. Ntchito ija sinadzipeze yokha. Ndinaiona ndine pafoni, ndinamutumizira ndine Potiphar, ndipo ndinamuuza ndine Florah kuti amuonetse mwamuna wake, kuti mchimwene wanga asapite yekha kudziko lachilendo. Goodwell anali ndi ntchito yake yabwinobwino yotsuka magalimoto. Anaisiya chifukwa cha ine.

Dzulo ndinalimba mtima ndinamuuza Florah kuti ngati akufuna ndipemphe kusintha chipinda, asamadzuke n'kumaona nkhope yanga. Anatenga chipeso, anandikhazika pansi pakati pa miyendo yake, nayamba kundimasula tsitsi, pakuti linali litatha mwezi osaligwira. Analuka mizere itatu akukoka mopweteka ndithu, ine osadandaula. Pa mzere wachinayi anati, “Ukacoka muno, nizakamba na ndani za Goodwell? Aba ena samuziba.”

Kontirakiti yanga ndawonjezera chaka china, Florah nayenso wawonjezera. Akuti sangapite ku Chipata kukayang'ana apongozi ake m'maso ali yekha. Ndiye Khirisimasi ino musandiyembekezere. Mumuuze Chiyamiko inu nomwe, mwa njira yanu, ine ndikamuuza pafoni ndilira.

Potiphar akafika, Ruth amujambule ali pakhonde ndi inu, anditumizire chithunzicho. Florah wapempha kuti achione nawo.

Ndine mwana wanu,
Elinah